Lenti ya munthu amene nkhokwe yake yatha

Chaka china phulusa la Lachitatu la Phulusa, tsiku loyamba la Lenti, linafika mochedwa pa kanthambi kathu ka tchalitchi, kuseri kwa Kamwendo. Ansembe sangafike paliponse tsiku limodzi, ndiye aphunzitsi athu a katekisimu anapalasa njinga m'mamawa kukalitenga ku parishi litadalitsidwa kale, m'kabotolo kokulunga ndi jumbo. Mvula inawatsekereza panjira. Pamene ankatilemba mtanda pamphumi dzuwa linali litapendeka, ambiri a ife titachokera ku zigafa, zala zikumatabe utomoni wa fodya. Aphunzitsiwo atamaliza kufotokoza za kusala kudya, agogo ena amene amakhala pamphasa ya kutsogolo anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, pepani ndifunse nawo. Ife kwathu tinayamba kudya kamodzi patsiku chaka chitangoyamba. Tsono kusala mukunenaku, tichotsenso pati?"

Anthu anaseka, kuseka kwa anthu oti nkhaniyo ndi yawo yomwe. Aphunzitsi anayankha zoona ndithu: "Agogo, inu zaka zanu zinapitirira, lamuloli silikukumanganinso." Koma agogowo sankafunsa za lamulo. Ine funso lawo ndayenda nalo zaka zingapo, ndipo ndaona kuti wofuna kumvetsa Lenti, nyengo ya masiku 40 yokonzekera Pasaka, kuno ku Mchinji sangalilambalale, poti nyengoyi imatipeza nthawi zonse m'nkhokwe mutatsala zitsononkho zokha.

Palibe anachita kusankha kuti zikhale choncho. Lenti ilibe tsiku lokhazikika ngati Khirisimasi. Imatsata Pasaka, ndipo Pasaka imatsata mwezi wakumwamba. Lamulo lake, limene mizu yake ili pa msonkhano wa aepiskopi wa ku Nicaea m'chaka cha 325, ndi lakuti Pasaka ichitike Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi. N'chifukwa chake Pasaka singafulumire kuposa pa 22 Malichi, ndipo singachedwe kuposa pa 25 Epulo. Mukabwerera m'mbuyo masiku 46 kuchokera pa Pasaka mumagwera pa Lachitatu la Phulusa, pakati pa 4 Febuluwale ndi 10 Malichi. Mu 2025 Pasaka inali pa 20 Epulo. Ya 2026 ndi pa 5 Epulo, phulusa pa 18 Febuluwale, pamene mu 2027 phulusa ndi pa 10 Febuluwale, Pasaka pa 28 Malichi. Wina afunsa kuti nanga masiku 46 akukhala bwanji 40. Chotsanipo masiku 6 a Lamulungu amene ali m'katimo. Lamulungu lililonse ndi chikumbutso cha kuuka kwa Ambuye, silikhala tsiku losala ngakhale litagwa pakati pa Lenti.

Nambala ya 40 yo Baibulo limaibwereza pamene Mulungu akukonza munthu kapena mtundu kuti uyambenso. Mvula ya chigumula inagwa masiku 40. Mose anakhala masiku 40 pa phiri la Sinai, Aisraele zaka 40 m'chipululu, Eliya anayenda masiku 40 kupita ku Horebu, ndipo anthu a ku Nineve anapatsidwa masiku 40 kuti asinthe. Yesu mwini, atangobatizidwa mu Yordano, analowa m'chipululu masiku 40, nkhani imene timawerenga chaka chilichonse Lamulungu loyamba la Lenti.

Dzina loti Lenti linachokera ku Chingerezi chakale, ndipo linkatanthauza nyengo imene chisanu chikutha ku Ulaya, masana akuyamba kutalika. Kwa ife ndi nyengo ina kotheratu. Febuluwale ndi mwezi woti chimanga chili pa ngayaye, chokongola m'munda koma chosadyeka. Mtengo wa ndowa pamsika uli pamwamba. Fodya ali m'chigafa, wadya kale ndalama za feteleza ndi za aganyu, koma ndalama zake sizioneka mpaka misika ya ku Kanengo ndi ku Chinkhoma itatsegulidwa, kawirikawiri cha mu Epulo. Mtedza ukadali m'nthaka. Lenti ikamafika kumapeto m'pamene mondokwa ndi maungu zimayamba kutipulumutsa, ena n'kuyanika chimanga chosakhwima bwino kuti apeze ufa wa chitibu. Munthu wa kuno akamva mawu oti kusala amakhala akudziwa kale kulira kwa m'mimba.

Tsono lamulo la Mpingo wa Katolika likuti chiyani kwenikweni? Ndi lopepuka kuposa mmene ambiri amaganizira. Kuchokera pamene Papa Paul VI anakonzanso malamulo a kusala mu 1966, masiku okakamiza kusala kudya ndi awiri okha: Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Kusalako ndi kudya chakudya chenicheni kamodzi, ndi pang'ono pokha m'mawa ndi madzulo kuti munthu asagwe. Kumamanga anthu oyambira zaka 18 kufikira atalowa chaka cha 60. Palinso kusadya nyama pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse la Lenti, kuyambira zaka 14. Odwala samangidwa, chimodzimodzi amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Amene mumamwa ma ARV kapena mankhwala a shuga, musadumphitse chakudya kapena mankhwala m'dzina la Lenti. Mpingo sunapemphepo zimenezo.

Nkhani ya nyamayi imandiseketsa pang'ono. Lamuloli linabadwira kumene nyama inali chakudya cha chikondwerero, nsomba n'kukhala ndiwo ya osauka. Pamudzi pathu, pamene nkhuku imafa pakabwera mlendo kapena pa Khirisimasi, kusadya nyama Lachisanu sikusintha kalikonse. Nkhwani ndi bonya ndi za masiku onse. Ndipo bwana wa pa boma amene wasiya nyama ya mbuzi n'kugula chambo chachikulu wasunga lamulo ndithu, koma ndikukayika ngati thupi lake lamva kuti lero ndi Lachisanu. Lamulo limangoika mlingo wapansi. Zimene Lenti ikufuna zili kwina, ndipo kuti tizipeze tiyenera kufunsa kumene nyengoyi inachokera.

Inachokera pa madzi a ubatizo. M'zaka mazana oyamba a Mpingo, anthu akuluakulu ofuna Chikhristu ankaphunzira nthawi yaitali, ndipo ankabatizidwa usiku wa Pasaka. Masabata omaliza usikuwo usanafike anali a kukonzekera kolimba: kusala, kupemphereredwa, kuphunzitsidwa Chikhulupiriro ndi pemphero la Atate Athu. Panalinso gulu lina, la akhristu amene anagwa m'machimo akuluakulu odziwika, monga kukana chikhulupiriro pa nthawi ya mazunzo. Awa ankavala ziguduli, kuthiridwa phulusa, ndi kukhala pambali mpaka Lachinayi Loyera pamene episkopi ankawabwezera mu mpingo. M'kupita kwa nthawi akhristu onse anaona kuti sangamangoonerera magulu awiriwa ngati kuti iwo ndi okhoza kale. Anayamba kusala nawo ndi kulandira nawo phulusa, mpaka mu 1091 Papa Urban II analimbikitsa kuti aliyense azililandira. Msonkhano waukulu wa Vatican II, wa 1962 mpaka 1965, unabwereza mfundo yomweyi, kuti Lenti ili ndi nkhope ziwiri: kukumbukira kapena kukonzekera ubatizo, ndi kulapa.

Kuno kwathu zimenezi si zachilendo. Ansembe a chipani cha White Fathers, amene anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, anabwera ndi lamulo la mwini chipani chawo, Kadinala Charles Lavigerie, lakuti munthu aphunzire zaka 4 asanabatizidwe. Makolo athu ambiri a ku Kachebere, Guilleme ndi Ludzi anadutsa m'kalasi yaitali ya ukatekumeni, maphunziro a ofuna kubatizidwa, ndipo ubatizo kwa iwo unali chinthu chochisankha ndi maso awiri. Ife ambiri tinabatizidwa tili kumsana. Malonjezo anatiyankhira ndi makolo athu ndi otiimira. Sitinafunsidwe. Lenti ndi njira imene Mpingo unakonza kuti chaka ndi chaka tifunsidwe tokha, ndipo masiku 40 onsewo akulunjika pa mphindi imodzi ya usiku wa Pasaka pamene wansembe amafunsa ngati tikukana Satana ndi ntchito zake zonse, ndiponso ngati tikukhulupirira Mulungu Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Wolemera ndi wanjala amafunsidwa mafunso omwewo. Apa ndi pamene funso la agogo aja limayamba kuyankhika.

Mukamvetsera mawerengo a Lamulungu muona kuti madziwo sabisika. M'chaka chimene Mpingo umachitcha A pa ndondomeko yake ya mawerengo, monga 2026, Lamulungu lachitatu timamva za mayi wa ku Samariya pachitsime, lachinayi za munthu wobadwa wosaona amene anakasamba ku Silowamu, lachisanu za Lazaro wotuluka m'manda. Pa masiku atatu amenewa akatekumeni amaitanidwa kutsogolo kukapemphereredwa. Madzi, kuwala, moyo. Amene tinakhala kale m'mabenchi tikuyenera kumva nkhanizi ngati zathu: ndi ludzu lanji limene ndakhala ndikulithetsera pa zitsime zolakwika, ndi chiyani chimene ndimakana kuchiona, ndi mbali iti ya moyo wanga imene yayamba kununkha.

Phulusa lenilenilo limachokera ku kanjedza wa chaka chatha, yemwe uja tinkamugwedeza poimba Hosana, ena n'kumusomeka kudenga kapena kuseri kwa chithunzi pakhoma. Amamusonkhanitsa n'kumuotcha. Wolemba mtandayo amanena mawu amodzi mwa awiri: akuti kumbukira kuti ndiwe dothi ndipo kudothi udzabwerera, ochokera pa Genesis 3:19, kapena akuti tembenuka mtima, khulupirira Uthenga Wabwino, ochokera pa Marko 1:15. Phulusa si sakramenti, n'chifukwa chake aliyense angalandire, khanda, wosabatizidwa, ngakhale woimitsidwa masakramenti. Mwina n'chifukwa chakenso tchalitchi chimadzaza tsiku limeneli kuposa masiku ena a Lamulungu, chonsecho si tsiku lokakamiza kupita ku Misa. Chodabwitsa n'chakuti tsiku lomwelo limene tikuyenda ndi chizindikiro pamphumi, Uthenga wake, wa Mateyo mutu 6, ukutiuza kuti posala tisambe kumaso kuti anthu asadziwe. Mneneri Yowele nayenso akuti ting'ambe mitima, zovala tizisiye. Mpingo umatipaka phulusa uku ukutichenjeza za phulusalo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mutu 6 womwewo wa Mateyo ndi umene umatchula zinthu zitatu zimene Lenti imaimapo: kupemphera, kusala ndi kuthandiza osowa. Sizilekana, ngati mafuwa, koma anthu timakonda kusankhapo chimodzi chimene sichitipweteka.

Pemphero ndi limene ambiri timalephera mwakachetechete. Timayamba Lenti ndi mapulani akuluakulu, pemphero la kolona tsiku ndi tsiku, Misa ya m'mawa, ndipo pofika sabata yachitatu zonse zagwa. Nyengoyi ntchito ndi yambiri. Wothyola fodya amadzuka kukadali mdima, amasoka mpaka usiku. Ine ndinaphunzira kuti kanthu kakang'ono kosadumphitsa kamafika patali. Uthenga wa Marko uli ndi mitu 16 yokha, ndipo theka la mutu patsiku limakufikitsani kumapeto Sabata Loyera lisanafike. Salimo 51, pemphero la Davide atachimwa ndi Batiseba, munthu angaliloweze pamtima m'sabata imodzi n'kumalinena akupita kumunda. Amene sadziwa kuwerenga ali ndi wailesi, Radio Maria kapena Radio Alinafe kumene zimamveka, ndipo ali ndi mphakati, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba kopemphera limodzi. Koma pemphero likufunanso kukhala chete, ndipo apa foni yatilanda zambiri. Ndikudziwa anthu amene kusala kwawo kwenikweni kwakhala kutseka WhatsApp ndi Facebook dzuwa likalowa. Poyamba amaona ngati nyumba yakula. Kenako amayamba kumva zimene phokoso linkabisa, ndipo si zonse zokoma.

Musadabwe mukapemphera osamva kalikonse. Ambiri amaganiza kuti kuyandikira kwa Mulungu ndi kumva kutentha mumtima kapena kugwetsa misozi, ndipo zikapanda kubwera amati Lenti yawo yalephera. Chipululu ndi malo ouma. Tchalitchi nachonso chimauma dala nyengo imeneyi: wansembe amavala zofiirira, maluwa amachoka paguwa, nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu siimbidwa, Aleluya amasungidwa mpaka Pasaka, ng'oma zimachepa mphamvu. Wokhalabe pamaondo pamene sakumva kukoma ndiye akuphunzira kufuna Mulungu mwini, kusiyana ndi kufuna zokoma zake.

Lachisanu madzulo miphakati imasonkhana pa Njira ya Mtanda, pemphero lotsatira ulendo wa Yesu atasenza mtanda, poima malo ndi malo. Mwambowu anaufalitsa ndi a chipani cha Fransisko Woyera kuti anthu osatha kupita ku Yerusalemu ayende nawo mumtima, ndipo chiwerengero cha malo 14 chinakhazikitsidwa ndi Papa Clement XII mu 1731. Ndaona amayi akugwada m'matope pa malo onse 14, chitenje chitanyowa mpaka m'maondo, mwana ali kumsana. Pa malo amene Yesu akugwa kachitatu sipasowa wina wosisima. Anthu a kuno katundu wolemera amamudziwa, safuna kuwatanthauzira.

Tibwerere kwa agogo aja. Wanjala asale chiyani? Njala ya umphawi si kusala, ndipo Mulungu sakondwera nayo. Kusala ndi kudzimana mwaufulu chinthu chimene uli nacho, kuti uone chimene chimakulamulira. Pamudzi zotilamulira sizisowa. Kachasu ndi masacheti zikumaliza anyamata. Pali miseche ya pamjigo, kubetcha mpira pafoni, mkwiyo umene bambo amabwera nawo kunyumba, chibwenzi chamseri chimene aliyense akuchidziwa kupatula mwini nyumba. Munthu wodya kamodzi patsiku angathe kusala mawu olasa amene amatuluka mosavuta m'mimba mukakhala mopanda kanthu, ndipo kumeneko ndi kusala kovuta kuposa kusiya shuga mu tiyi.

Koma funso la agogowo kwenikweni limaloza kwa ife amene tili ndi kenakake. Chiphunzitso chakale cha Mpingo ndi chakuti chimene wadzimana si chako, ndi cha wosauka. Ukasiya chakudya cha masana n'kusunga ndalamayo m'thumba, wangochita bajeti. Yesaya mutu 58 akunena mosapsatira: anthu akudandaula kuti tasala koma Mulungu sakuona, ndipo Mulungu akuwayankha kuti pa tsiku lomwelo losala mukupondereza antchito anu. Kusala kumene iye akufuna ndi kumasula goli, kugawana chakudya ndi wanjala, kulandira wosowa pogona, kuveka wausiwa. Mutu umenewu uyenera kuwerengedwa mofuula m'maboma a fodya ngati lathu lino ndi la Kasungu. Mwini munda amene walandira phulusa koma matenanti ake akudya gaga, ndipo pa mapeto a chaka adzawawerengera ngongole mpaka atuluke chimanjamanja, Yesaya akunena iyeyo. Wakatapila wokongoza ndowa imodzi mu Febuluwale kuti adzalandire ziwiri kapena zitatu pokolola, wavenda wa sikelo yobera, wolemba ganyu amene amati bwera mawa kwa munthu woti ana ake agona ndi njala lero: onsewa timakhala nawo benchi limodzi, ndipo nthawi zina ndi ife amene.

Timakonda kunena kuti kupatsa n'kuika. Mwambiwu ndi wabwino, koma pa Lenti umaperewera, chifukwa umayembekeza kubwezeredwa. Pa Luka 14 Yesu akuti ukakonza phwando uitane amene sangakubwezere. Miphakati, imene kuno ku dera la Lilongwe inazika mizu m'zaka za m'ma 1970 pa nthawi ya Episkopi Patrick Kalilombe, ndiyo imatha kuchita zimenezi mopanda phokoso, chifukwa imadziwa khomo lililonse. Mbale ya ufa kuchokera ku nyumba iliyonse, tsiku limodzi lokafolera denga lodontha la mayi wamasiye, kukathyola nawo fodya wa munthu amene ali m'chipatala kuti asapserere m'munda. Chaka chimene agogo aja anafunsa funso lija, mphakati wawo unayamba kuwatengera ufa Lachisanu lililonse pobwera ku Njira ya Mtanda. Aphunzitsi sanalengeze paguwa.

Patsala nkhani ya kulapa, ndipo apa ndinene za ine mwini. Lamulo lochokera ku msonkhano wa Lateran wa 1215 limati mkhristu alape kamodzi pachaka ndi kulandira Ukaristia pa nyengo ya Pasaka, n'chifukwa chake pa Lenti ansembe amazungulira nthambi zonse, mizere n'kutalika mpaka pansi pa mitengo ya mango. Tinaphunzira tonse pa katekisimu kuti kulapa kwabwino kumafuna kudzifufuza, kumva chisoni, kutsimikiza kusiya, kuulula, ndi kuchita zimene wansembe wakupatsa. Chimene timachidumpha ndi kubweza. Wakuba mbuzi sangalape mbuziyo ili m'khola mwake.

Ine ndinakhala zaka ziwiri osalankhulana ndi mlamu wanga chifukwa cha mizere itatu ya m'malire a munda. Atsibweni anatiitana kawiri, ine osapita. Zaka zonsezo Lenti ndinkaisunga bwino zedi m'maso mwanga: tiyi wopanda shuga, Njira ya Mtanda osaphonya. Polapa ndinkatchula mkwiyo mwachidule ngati munthu wodutsa pamoto. Chaka chachitatu wansembe wina wokalamba anandifunsa kuti mkwiyowo uli ndi dzina kodi. Nditafotokoza, sanandipatse kolona. Anandikumbutsa Mateyo 5, pamene Yesu akuti ukafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya choperekacho ukayambe wagwirizana naye. Ndinazengereza masabata awiri. Tsiku lomwe ndinapita ndinawapeza akusoka fodya pansi pa chigafa. Ndinati, "Alamu, ndabwera." Sanadzutse mutu. Anangokankha mulu wa masamba ndi phazi kuti ndikhale, n'kundipatsira singano. Tinasoka mpaka mdima osatchula za malire. Nkhaniyo anadzaimaliza ndi atsibweni pambuyo pa Pasaka, ndipo mizere iwiri mwa itatu ija inali yawodi.

Kutembenuka mtima kumatha kufika ngakhale pa dziko lonse, ndipo Amalawi tili ndi umboni. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya aepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona. Inanena za malipiro ochepa a antchito, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za mavuto a m'zipatala ndi m'sukulu, za anthu otsekeredwa popanda mlandu ndi mantha oletsa anthu kulankhula. Boma la nthawiyo linati kalatayo ndi youkira, aepiskopi anaitanidwa kukafunsidwa ndi apolisi, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, anthu anavotera ndale za zipani zambiri. Achinyamata amaiphunzira nkhaniyi ngati ya ndale, koma inatuluka ngati kalata ya Lenti, yopempha dziko kuti lidzifufuze monga amachitira munthu pamzere wa kulapa.

Abale athu a Anglican, monga a ku Mtunthama ku Kasungu, amasunga Lenti ndi phulusa lomwe. M'mipingo ina mulibe mwambo wa phulusa, koma sabata ya masautso ndi misonkhano ya Pasaka ilipo, ndipo mayitanidwe a kulapa ndi omwewo.

Sabata Loyera limathamanga. Lamulungu la Kanjedza timayamba ndi Hosana, n'kumaliza ndi nkhani yonse ya masautso. M'kati mwa sabatayo ansembe amasonkhana ndi arkiepiskopi pa Misa yodalitsa mafuta, ndipo iwonso amabwereza malonjezo a unsembe wawo. Lachinayi madzulo Lenti imatha mwa kalendala, n'kuyamba masiku atatu oyera: kusambitsa mapazi, guwa kuvulidwa nsalu. Lachisanu Loyera ndi tsiku lopanda Misa. Mtanda umayenda mumsewu, achinyamata akuchita sewero la masautso, kenako aliyense amabwera kudzaugwadira. Loweruka masana kulibe kalikonse, tchalitchi chili pululu ngati nyumba ya maliro anthu atabalalika.

Usiku wake moto umakolezedwa panja. Kandulo ya Pasaka imalowa m'tchalitchi cha mdima, ndipo kuwala kumagawidwa kuchokera pa kandulo ina kupita pa ina. Mawerengo amatha kufika 9, kuyambira pa kulengedwa kwa dziko, kudzera pa kuoloka Nyanja Yofiira. Kenako mabelu, ng'oma, nthungululu, Aleluya amene tinamusowa masiku onse aja. Akatekumeni amabatizidwa, madzi akuyenderera m'khosi mpaka pa malaya oyera. Zikatero wansembe amatembenukira kwa ife otsala, makandulo atayatsidwanso, n'kuyamba mafunso aja.

Chaka cha funso lija agogo aja anafika ku parishi pa kabaza amene mphakati unalipira. Kandulo analibe; anagwirira limodzi ndi mdzukulu wawo kachidutswa kamene kanatsala pa maliro. Makutu awo anali atayamba kugontha, ndiye mdzukuluyo ankachita kuwanong'oneza funso lililonse. Tchalitchi chonse chikayankha pamodzi n'kukhala chete, m'pamene liwu lawo linkamveka lokha, mochedwa, kuchokera pamphasa ya kutsogolo: "Ndikukana." Wansembe anazindikira pa funso lachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo ankayamba wawadikira asanafunse lotsatira.